Dothi Lakuda pa Nsalu ya Wodwala

Mpira unasowa Lachinayi m'mawa, ndipo pofika Lachisanu ku Quarry Bend kunalibe ngakhale galu amene anali asanamve.

Musaganize kuti unali mpira wooneka. Chikopa chake chinali chitada, chitachita makwinya ngati bondo la nkhalamba, zingwe zake zitauma gwa. Koma unali mpira wa 1879, umene a Jethro Carveth anamenya kuchokera pakati pa bwalo n'kuudutsitsa pakati pa mitengo ya goli belu lomaliza likulira, a kutsidya kwa mtsinje n'kubwerera kwawo ali ndwii ngati ochokera kumaliro. Kwa zaka makumi atatu unkakhala m'kabokosi kagalasi pabalaza pa a Carveth. Ana a mumsewu wathu ankakwera pampanda kuti angouona pazenera. Loweruka limeneli, pa nthawi yopuma, akuluakulu a timu anali atakonza zoti a Jethro alowe m'bwalo atanyamula mpirawo, khamu liwaombere m'manja. Ndiye taonani, kabokosi kali chikhomere, mkati muli mbee!

Honora Quill, mayi wamasiye wochapa zovala wa nyumba yoyandikana nawo, anali munthu wolota ali maso. Akaima pa chimphika chake chowiritsira zovala, nthunzi itamuzinga, mumatha kumuitana katatu osayankha. Anthu ankamuseka. Koma zovala za msewu wonse zinkadutsa m'manja mwake, ndipo iye ankati munthu amanama, chovala chake sichinama. Ankadziwa mkazi woyembekezera mwamuna wake asanadziwe. Ankadziwanso bambo amene wachotsedwa ntchito koma akunyamukabe m'mawa uliwonse ndi chakudya chamasana m'thumba.

M'mawa wa Lachisanulo chifunga chinali chisanachoke pamtsinje, ndipo fungo la kofufuta zikopa linali litakhala pansi pamodzi nacho. Tamsin Carveth analowa mochapiramo atakumbatira mtolo.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka. Koma maso akowo sanagone. Khala apo."

Tamsin anali mwana wa a Silas, amene anabadwa mapasa ndi a Jethro. A Silas anali mlaliki wa Methodist, munthu wofatsa amene sanapondepo pabwalo la mpira, poti kwa iwo amenewo anali masewera a Satana. Zaka ziwiri zapitazo anagwa ali pakati pa ulaliki, mbali yonse yakumanja n'kufa, pakamwa n'kutseka. Kuyambira pamenepo ankagona m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya m'bale wawo, mwana wawo akuwasamalira.

"Achimwene akuti ndine," anatero Tamsin.

"Percival ameneyo, mwana wa a Jethro?"

"Akuti mawa 12 koloko ikakwana mpira usanapezeke, wapolisi abwera kudzanditenga. Bambo awapititsa kunyumba ya okalamba opanda abale. Akuti kalata yake analemba kale. Amayi, kumene kuja ndinakaonako. Munthu wosalankhula ngati bambo, ndani angadziwe kuti akufuna madzi?"

"Unatenga?"

"Ayi."

"Ukudziwa kumene uli?"

Tamsin anayang'ana nthunzi, kenako mtolo uja. "Nsalu yabookanso pamalo pomwe paja, amayi. Pepani."

Honora anangogwedeza mutu. Zaka ziwiri wakhala akuika chigamba pamwamba pa chigamba pa nsalu za pabedi za a Silas, malo amodzimodzi, kumiyendo, pamene chidendene chamanzere chimagona. Koma anaona bwino lomwe kuti funso lake lomaliza labwerera lopanda yankho, ndipo mtima unamuwawa.

* * *

Honora anamupeza Percival pageti masana akubwera kudzadya. Anali kalaliki kufakitale ya nsapato, komanso mlembi wa komiti ya timu, mnyamata wa kolala youma amene ankalankhula ngati akuwerenga chikalata.

"Mayi Quill, nkhani ino ndi ya m'banja."

"Matewera ako ndinachapa ndine, Percy. Ndili m'banjamo kale. Tandiuza."

Anakhosomola, n'kutambasula zala. "Choyamba, Lachitatu madzulo mpira unalipo, ndinaupukuta ndekha. Chachiwiri, kiyi wa kabokosi amakhala m'kamtsuko pamwamba pa moto, ndipo odziwa zimenezo ndife a m'nyumba muno basi. Chachitatu, Lachinayi nditadzuka 7 koloko mpira kunalibe, Tamsin kunalibenso. Chachinayi, anthu awiri anamuona pakhomo lakuseri la hotela ya Lembke. Inu mukudziwa kuti Lembke wakhala akulira mpira umenewu zaka zonsezi kuti aupachike pabala pake pomwera mowa."

"Nanga bambo ako?"

"Bambo sadzuka 8 koloko isanakwane. Bondo."

"Akuti chiyani pa nkhaniyi?"

"Sakulankhula. Chakudya sakudya. Angokhala pampando kuyang'ana kabokosi. Mtsikana ameneyu wawapha bambo anga akali moyo, Mayi Quill! Tinawatola iye ndi bambo ake, tikuwadyetsa, ndiye malipiro ake ndi amenewa?"

"Ndi mlongo wako ameneyo."

"Mlongo wanga sangabe dzina la bambo anga." Mawu ake ananjenjemera, ndipo kolala ija inalephera kubisa. "Ine ndinabadwa tsiku la chigoli chimenecho. Kusukulu, kuntchito, kulikonse, ndine mwana wa mwendo wamanzere wa Jethro Carveth. Mawa anthu zikwi khumi akudikira, ndikawauze chiyani?"

"M'nyumba munafufuza?"

"Ponseponse. Mpaka m'kasutikesi kake."

"Ponseponse," anabwereza Honora, maso ali kutali. Kenako anatembenuka n'kumapita osatsanzika, monga mwa khalidwe lake.

* * *

A Lembke anali akupukuta matambula. Anali chimunthu chonenepa, chamawu ngati ng'oma, ndipo sankadziwa kuyankha funso mwachidule.

"Tamsin? Anabwera, mayi wanga, anabwera! Lachinayi lililonse amabwera kudzatenga msuzi wa mafupa kukhitchini, wa mlaliki wathu wodwala. Anabwera ndi kachitini, anabwerera ndi kachitini. Mpira ungalowe m'kachitini? Ha! Ukanakhala uli kuno bwenzi nditaitana bandi!"

"Anakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Kuyambira hafu pasiti sikisi mpaka 7 koloko itadutsa. Wophika wanga anachedwa kuyatsa moto, chitsiru chija, mtsikana n'kumangodikira akuwotha manja. Koma mpira umene uja, mayi wanga! Inu munalipo tsiku lija?"

"Ndinali pantchito."

"Ndiye munaphonya moyo!" Anaika tambula pansi, maso n'kunyowa. Honora anali ataimvapo nkhaniyi kambirimbiri, koma lero anaitchera khutu ngati yatsopano. "Mvula inagwa sabata yonse. Osewera onse anali matope kuyambira kuchipewa mpaka kuphazi, wako ndi wa eni osasiyanitsa. Zigoli zofanana. Kwatsala mphindi imodzi. Mpira uli m'mwamba, ndiye Carveth anakwera pamsana pa anthu atatu ngati akukwera masitepe, n'kuuwakha, phaa! Malamulo amati wawakha, menya wekha, wina asakukhudze. Koma anali kutali, mayi, pakati penipeni, pa dothi lakuda paja. Tinati basi, zatha. Iye osapupuluma. Anakumba ndi chidendene, kukumba, kukumba, n'kuumba kachulu, n'kukhazikapo mpira ngati akukhazika dzira. Anabwerera m'mbuyo. Ndiye anamenya ndi wamanzere! Munthu amene moyo wake wonse ankamenya ndi wamanja!"

"Munadzamuonanso akumenya ndi wamanzere?"

"Ayi! N'chifukwa chake timati chozizwitsa. Mpira uja sunkafuna kutsika. Unkangoyandama m'chifunga, mwakachetechete, ngati ukuganiza. Utadutsa, tinathamangira kuti timunyamule, koma iye liwiro, chipewa chili m'maso, kudumpha mpanda, ulendo wa kunyumba. Mkazi wake anali pa uchembere, mukudziwa."

"Ndikudziwa," anatero Honora.

* * *

Atabwerera mochapira muja anapeza moto utatsala pang'ono kuzima. Anasonkhezera, n'kumasula mtolo wa Tamsin.

Zovala za a Carveth ankazidziwa ngati ana ake. Makolala asanu ndi awiri a Percival. Malaya ogonera a a Silas, amene kale, asanadwale, malaya awo onse ankabwera ndi inki pamkono wamanzere. Masokosi. Koma buluku lotuwa la a Jethro, limene silinaphonyepo Lachisanu, lero munalibe.

Anatambasula nsalu ya pabedi. Kumiyendo kunali kabowo kaja. Koma cham'mwamba, pamene nthiti za wodwala zimagona, panali chidindo chakuda, chozungulira motalika ngati dzira, ndipo pakati pake panali timizere tating'ono tondondozana. Honora anawerenga timizereto ndi chala. Zinali zingwe za mpira.

"Kalanga ine, Tamsin," ananong'ona.

Ndiye kuti mpira unali m'bedi la a Silas, malo okhawo amene Percival sanayerekeze kufufuza. Ndipo amene ankayala bedi limenelo anali munthu mmodzi yekha. Honora anakhala pansi pa ndowa yovundikira.

Anakhala choncho nthawi ndithu, nthunzi ikukwera kudenga n'kumabwerera ngati timadontho. Kenako anakanda chidindo chija ndi chikhadabo n'kufikisa pakati pa zala. Dothi lake linali lakuda bii, lomata ngati phula, ndiponso linali la dzulodzulo. Mpira wokhala m'galasi zaka makumi atatu ungatenge kuti dothi laliwisi? Kwathu kuno nthaka ndi yotuwa, matope a mumsewu ndi ofiirira. Dothi lakuda lomata lili malo amodzi okha, ndipo wochapa aliyense amalitukwana nyengo yonse yozizira.

Anavula epuloni.

* * *

Dzuwa linali litapendeka pamene anafika kubwalo. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje inali itayamba maluwa achikasu, ndipo mabenchi onse anali opanda munthu. Pakati penipeni, pamene nthawi yotentha amaseweretsapo masewera a kiriketi, panali dothi lakuda lija limene amachita kubwera nalo pangolo kuchokera kumtsinje wina. A Dinny Garrity, osamalira bwalo, anali pomwepo ndi hatchi yawo yokoka chitsulo chosalazira. Hatchiyo inkavala nsapato zachikopa kuti ziboda zisawononge bwalo, ndipo dzina lake inali Bishopu. A Dinny anasewera nawo mpira wa 1879. Chimwalirire mkazi wawo sankalankhula ndi anthu mwachindunji, ankadzera mwa hatchi.

"Bishopu, tawauza mayiwa kuti akuponda pamene tasalaza."

"Pepani, a Dinny. Pepa, Bishopu. Ndamva kuti dzulo m'mawa kunali mlendo."

"Wawauza ndani, Bishopu? Iwe pakamwa pako!"

"Dothi landiuza."

A Dinny analavula. Kenako analoza ndi chibwano kumphepete kwa dothi lakuda, kumene chitsulo chinali chisanafike. Panali timachulu tating'ono, toumbidwa ndi chidendene, tondondozana. Honora anawerenga tisanu ndi tiwiri. Pambali pa kachulu kalikonse panali chidindo chakuya cha nsapato yakumanja, pamene munthu anaponda kuti amenye ndi mwendo winawo. Ndipo patsogolo pa kalikonse panali poterereka, ndi maenje awiri a mawondo, ndi chikhatho chotambasuka.

"Anagwa kasanu ndi kawiri," anatero Honora.

"Kunali chifunga, Bishopu. Sitinaone kanthu. Mwina unali mzukwa."

"Mzukwa wa bondo lopweteka?"

"Ana a masiku ano saumbanso kachulu, Bishopu, amangomenya ali chithamangire ngati akuthawa njuchi. Oumba kachulu tatsala owerengeka." Anasisita khosi la hatchi. "Ine ndikanakhala ndi pakamwa ndikanamuuza kuti usadzivute, m'bale. Wamanja ndi wamanja. Mwendo umene sunapatsidwe sungaubwereke utakalamba."

"A Dinny, mawa mwana wa Silas akumangidwa."

Dzanja la a Dinny linaima pakhosi pa hatchi. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri anamuyang'ana munthu m'maso.

"Tinalumbira anthu makumi awiri, mayi, m'kanyumba kovalira kaja. Ambiri ali kumanda, ena anapita kumigodi ya golide osabwerako. Ine sindingaswe. Koma inu tsiku lija simunali kubwalo kuno. Munali kuti?"

Honora anayang'ananso timachulu tija. Anaima pakati pa bwalo lopanda anthu, ndipo tsiku lija linamubwerera pang'onopang'ono, ngati chovala choyandama kuchokera pansi pa chimphika.

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akuthandiza mayi ake amene anali mzamba. Grace Carveth, mkazi wa a Jethro, anavutika kuyambira m'bandakucha, mpaka mayi ake a Honora ananong'ona kuti mwina sitipulumutsa onse awiri. Panja, pamvula, mwamuna wina ankawaza nkhuni. Onse ankati ndi Silas wabwera kudzapemphera m'malo mwa m'bale wake amene ali kumpira. Koma mwamunayo sankapemphera. Ankawaza nkhuni tsiku lonse, nkhuni zoti zikanakwana mwezi, akutukwana chapansipansi mawu oti mlaliki sangawadziwe. Mfuu ya kubwalo itamveka kuwoloka madenga onse, iye sanadzutse n'komwe mutu. Koma mwana atalira, nkhwangwa inagwa, iye n'kugwada m'matope. Honora anamupatsa tiyi, ndipo analandira ndi dzanja lamanja.

Zaka makumi atatu ankachikumbuka chithunzi chimenechi ngati loto lokoma, osachifunsa kanthu.

* * *

Loweruka kunacha bwino. Pofika 11 koloko anthu ovala mipango ya timu anali atayamba kale kudutsa mumsewu. Honora analowa kwa a Carveth kudzera kukhitchini, nsalu ija ili pamkono, yosachapa.

A Jethro anali pabalaza, atavala suti yawo ya kutchalitchi, akuyang'ana kabokosi kopanda kanthu. Anali munthu wamtali, wamapewa otambalala, koma m'mawa umenewo anaoneka ngati jekete lopachikidwa pampando.

"A Jethro, buluku lotuwa lili kuti?"

Sanatembenuke. "Linang'ambika."

"M'mawondo?"

A Jethro anasisita bondo lawo. Koloko ya pakhoma inkangogunda, Percival ali chiimire pazenera, maso ali pawotchi yake.

"Tiyeni kuchipinda kwa m'bale wanu. Percy, nawenso bwera, usiye kuyang'ana wotchiyo."

M'kachipinda kaja munali kuwala kofewa kodzera pakatani. A Silas anali gone chagada, nkhope yofanana ndi ya a Jethro koma yopendekera mbali imodzi. Tamsin atawaona onse atatu anaimirira n'kutchinga bedi ndi thupi lake.

"Suntha, mwanawe," anatero Honora mofatsa. "Ndaona nsalu."

Tamsin analira osatulutsa mawu. Honora anapinda bulangete. Mpira unali pamenepo, m'khwapa mwa a Silas, dzanja lawo lamanzere litaukumbatira, dothi litaumira pachikopa.

"Si ndinanena!" anakuwa Percival. "Wakuba! Kubisa m'bedi la wodwala, wopanda manyazi!"

"Sindinauike ndine, achimwene! Ndinaupeza momwemo nditabwera ndi msuzi. Ndinayesa kuuchotsa kuti ndikaubweze, koma bambo analira. Zaka ziwiri sindinawamvepo akutulutsa mawu, koma analira ngati mwana. Ndikanatani? Ndikanati ndaupeza, ndani akanandikhulupirira?"

"Ndiye unayenda wokha?"

"Percy, tseka pakamwa utsekule maso," anatero Honora. "Dothi ilo ndi la pakati pa bwalo. Nthawi imene mpira unali kubwalo, mlongo wakoyu anali kukhitchini kwa a Lembke akudikira moto, ndipo a Lembke anganene zimenezo mpaka mawa ukawalola. Kubwaloko munthu wina anaumba timachulu tisanu ndi tiwiri, n'kuyesa kumenya ndi mwendo wamanzere, n'kugwa kasanu ndi kawiri." Anatembenukira kwa a Jethro amene anali ataima pakhomo. "Ine ndanena za dothi. Zotsalazo si zanga. Koma kwatsala mphindi makumi awiri, a Jethro, ndipo mlandu suola."

A Jethro analowa pang'onopang'ono akukoka bondo, n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Sanayang'ane mwana wawo. Anayang'ana m'bale wawo.

"Ndinatenga ndine."

"Bambo, musamuteteze..."

"Ndati ndinatenga ndine, Percival! Ndinkati ndikangoumenya kamodzi ndi wamanzere, ngakhale ungogubuduka, ndiye kuti lero ndikaima pamaso pa anthu. Mwendo unakana. Ndinabwera nawo kuno n'kuupereka kwa mwini wake."

"Mwini wake?"

"Tsiku lija ine sindinapite kubwalo. Amayi ako anali kufa. Timu inali yoperewera, ndiye Silas anavala malaya anga ndi chipewa changa. Tili ana tinkamenyera limodzi kuseri kwa miyala uko, ndipo iye ankandiposa kutali. Koma agogo ako anamupereka kwa Mulungu, ine anandisiya kwa Satana. Akanamva kuti mwana wawo mlaliki wasewera, akanamuthamangitsa panyumba, mpingo n'kumuchotsa. Ndiye anasewera pa dzina langa, masewero amodzi okha moyo wake wonse." Anapukuta pakamwa ndi chikhatho. "Poyamba ndinkakhala chete pomuteteza. Agogo ako atamwalira ndikanatha kunena. Koma dzina linali litayamba kukoma, mwana wanga. Mowa waulere, zipewa kuvulidwa mumsewu. Silas sanandifunsepo, ngakhale tsiku limodzi."

"Ndiye masiku awiri onsewa mwana wa m'bale wanu akupsa, inu muli phee?" anatero Honora. Mkwiyo unamugwira ndipo sanaubise. "Manyazi, a Jethro!"

"Manyazi omwewo ndi amene ananditseka pakamwa. Tamsin, mwana wanga, ndakulakwira. Ndinali wamantha."

Percival anali atatsamira khoma, nkhope ili mbuu.

"Nanga ine," anatero ndi mawu aang'ono, a mwana wa sukulu, "ine ndine mwana wa ndani tsopano?"

Anayankha ndi Honora.

"Ndinalipo, Percy. Ndiwe mwana wa munthu amene anasiya masewero aakulu a moyo wake n'kuwaza nkhuni pamvula tsiku lonse, kudikira kuti ulire. Bwalo lonse litafuula sanadzutse mutu. Iwe utalira anagwada m'matope. Kaya iwe, koma ine ndikanasankha bambo ameneyo."

Kunja belu la tchalitchi linayamba kulira, ndipo lisanamalize kunamveka kugogoda pakhomo lakumaso. Palibe anasuntha. Kugogoda kunabwerezanso, kwamphamvu. Tamsin anagwira chitsulo cha bedi.

Percival anawongola kolala yake n'kutuluka. Otsala m'kachipindamo anamva mapazi ake pabalaza, chitseko chikutsekuka, mawu okhuthala a wapolisi akufunsa.

"Pepani pokuvutitsani, bwana," anamveka Percival. "Palibe mlandu. Mpira uli kwa mwini wake."

Atabwerera anaima pakhomo, m'manja muli envulopu ya kalata ija yopita kunyumba ya okalamba. Anaing'amba pakati, n'kuing'ambanso, n'kuika zidutswazo m'thumba.

"Mayi Quill," anatero osayang'ana munthu, "ngolo yanu ya zovala ija ingapirire munthu wamkulu? Kubwalo si kutali. Ndikankha ndine."

"Ikaikidwa mapilo ipirira."

Tamsin sanamve zimenezo. Anali atagwada pambali pa bedi, akuwayang'ana bambo ake ngati munthu amene wangofika kumene kuchokera kutali. Iye ankawadziwa ngati bambo oyenda pang'onopang'ono, Baibulo m'khwapa, oletsa ngakhale kuimba mluzu Lamulungu.

"Bambo," ananong'ona, "inu munkathamanga? Munakwera pamsana pa anthu atatu, inuyo?"

Diso lamanzere la a Silas linanyezimira, ndipo mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera pang'ono. Pawindo pankalowa phokoso la khamu lopita kubwalo, lapatali, ngati madzi. Kenako Honora anamva kaphokoso kena, kapafupi, kokwekwesa. Anayang'ana kumiyendo kwa bedi.

Pansi pa bulangete, chidendene chamanzere chinali kukumba. Kukumba, kukumba, pamalo pomwe paja, kusonkhanitsa nsalu kuti ikhale kachulu.

Honora anagwira pakamwa. Zaka ziwiri akudandaula ndi singano m'manja, osadziwa kuti akusoka chiyani.

"Tamsin," anatero misozi ikutsika, "nsalu imeneyo usadzabwerenso nayo kuti ndiike chigamba. Aleke amalize."